Chaka Chimene Mvula Idavinidwa

Padangokhala. Ofuna kuvomera kuti tili tonse avomere, ngakhale masiku ano anthu amakhala nawe limodzi pokhapokha m'mbale mukakhala kanthu.

M'dziko la nyama mudali udindo umodzi umene aliyense ankaupatsa ulemu, udindo wotchula mvula. Nthawi imeneyo mvula idali ndi mayina, ndipo inkabwera motsatana ngati ana a mimba imodzi. Yoyamba idali chizimalupsa, ija imangozimitsa tchire lopsa n'kupita, imene wobzala nayo amataya mbewu. Pambuyo pake pankabwera yobzalira, kenako mvumbi. Ntchito ya wotchula mvula idali kuyang'ana kumwamba n'kunena kuti iyi ndi yakuti, dikirani, kapena iyi ndi yakuti, bzalani. Malipiro ake adali dowe woyamba wa m'munda uliwonse.

Udindowu udali wa Nang'omba, mbalame yakuda ija yoyenda pansi. Adaulandira kwa amalume ake, ndipo chiyambire adali asanaphonyepo.

Kenako Njati adayamba kuotcha njerwa. Luso limeneli adaliona kwa anzake a kutsidya la nyanja, amene ng'anjo zawo akuti sizizima chaka chonse. Ng'anjo imadya nkhuni, ndiye mitengo idayamba kugwa, mpaka udagwa ndi mtengo wa pabwalo pamene nyama zinkakambira milandu. Mthunzi wotsala udali wa pakhonde la nyumba ya njerwa imene Njati adamanga pachitunda. Milandu idasamukira pakhondepo. Ndipo poti khonde lidali lake, woweruza adakhala iyeyo. Palibe adamusankha. Njatiyo adalemba Njiri kukhala kapitawo wake, woyang'anira ng'anjo ndi woitana misonkhano.

Utsi udakwera zaka ndi zaka, wa Njati ndi wa anzake akutsidya aja. Mvula idayamba kusokonekera. Chaka china idagwa yamphamvu, Nang'omba adati bzalani, nyama zidabzala, dzuwa lidabwerera n'kuotcha mmera wonse. Chaka chotsatira idagwa ngati yomweyo, iye adati dikirani, koma idali yobzalira, ndipo ina siidabwerenso.

Adamuitanira pakhonde. Nang'omba sadakane kuti adaphonya, koma adapempha kuti anene chimene adaona. Adati utsi wa ng'anjo wafunditsa dziko ngati bulangete, kutentha kukulowa koma sikukutuluka. Thambo likatenthedwa limamva ludzu, limamwa mitsinje, zithaphwi ndi chinyezi cha m'minda, ndipo limasunga madziwo nthawi yaitali osabweza. Tsiku lobweza limabweza onse pakamodzi ngati chidakwa. Adati mvula yoteroyo iye sangaitchule dzina, ngakhale amalume ake akadauka sakadaitchula.

Njati adamvetsera akubzikula. Kenako adafunsa nyama kuti kodi mbewu ya chimanga amaisunga kuti. Zidayankha kuti kutsindwi, pamwamba pa moto. Adafunsa chimene chimaiteteza kwa anankafumbwe. Zidati utsi.

"Ndiye mwamva," adatero Njati. "Utsi umene ukusunga mbewu yanu lero akuti ndiwo ukuipha. Mkuluyu wakalamba."

Nyama zidaseka. Zina zidaseka chifukwa zidakhulupirira, zina chifukwa kunja kwa khonde kudali dzuwa. Njiri adapana khala lamoto la ku ng'anjo n'kumuika Nang'omba pakhosi kuti asadzanamenso. N'chifukwa chake khosi lake ndi lofiira mpaka lero, ndipo mawu ake amamveka ngati akuchokera m'mtsuko. Tsiku lomwelo Njati adaika lamulo lakuti wotchula mvula akadzaphonyanso adzaponyedwa pamoto.

Udindo uja udakhala wopanda mwini. Aliyense wofunsidwa ankadwala maso.

Tsono padali Finye, kachule konenepa kaja ka nkhope yokwinya, kamene sikadumpha koma kamangokwawa. Finye adalibe munda. Ankadya pamaliro ndi pamowa, ndipo akakhuta ankakonda kudzitama. Poti nthawi zambiri ankaoneka mvula ikangogwa, adayamba kuuza anzake pamowa kuti Mvula ndi msuweni wake, mwana wa azakhali ake, ndipo amaseleulana ngati mmene asuweni amachitira. Njiri adazimva, adakanena pakhonde, ndipo m'mawa mwake adabwera kudzamunyamula.

Finye adayesa kunena kuti zija zidali za mowa. Njati adati zonena za pamowa ndizo zoona, chifukwa mtima umakhala wotseguka. Finye adayang'ana utsi wa ku ng'anjo, adaganizanso za dowe wa m'munda uliwonse, adavomera. Pofuna kuti aoneke wodziwa ntchito, adapeka nyimbo yoitanira mvula. Iye ankatsogolera, kufunsa msuweni wake ngati akubwera kudzagona kapena akungodutsa, ndipo nyama zinkavomera kuti makasu akonzeka, mimba nazo zakonzeka. Idali nyimbo yosavuta, ngakhale ana adaigwira tsiku lomwelo.

Nyengo itakwana mitambo idasonkhana, mvula idagwa tsiku limodzi n'kuleka. Nyama zidathamangira pakhonde ndi mbewu m'malichero. Adamukweza Finye pa njerwa kuti aoneke. Adayimba nyimbo ija, nyama zidavomera. Finye adayang'ana kumwamba nthawi yaitali. Sankadziwa kanthu.

Njiri adatopa. "Iwe Finye, tiuze msanga. Imeneyi ndi chizimalupsa kapena yobzalira?"

Finye adagwira pakamwa. "Mwati chiyani, a kapitawo?"

"Ndati ndi chizimalupsa kapena..."

"Mwabwerezanso. Nonse mwamva. Kawiri."

Njati adafunsa kuti chalakwika n'chiyani. Finye adapukusa mutu ngati wamva za maliro, nafotokoza kuti msuweni wake adavinidwa. Adalowa m'tsimba zaka zapitazo, adatuluka ndi dzina latsopano, ndipo uthenga udafika kwa achibale okha. N'chifukwa chake Nang'omba ankaphonya, poti ankaitana munthu wamkulu ndi dzina la paubwana. Adafunsa amayi amene adali pomwepo ngati alipo angayankhe atamutchula dzina limene adalisiya kuchinamwali. Amayi adati palibe, kumeneko n'kutukwana. Finye adati iye amafuna kuyamba wapepesa kaye mwakachetechete, koma a kapitawo athyola mwambo pamaso pa anthu, mwini wake ali pamwamba pomwepa akumva.

Padali Nkhanga, mayi wamasiye wa ana ambiri, amene nthawi zina ankamugawira Finye chakudya. Iyeyo za mayina adalibe nazo ntchito.

"Nanga ife tibzale, achimwene?"

"Mayi, namwali akatukwanidwa, wina amakhululuka, wina amanyamula zake n'kupita. Dzulo ndikadakuuzani. Lero mtima wake sindikuudziwa."

Nyama zidabalalika, aliyense ndi maganizo ake. Ena adabzala, ena adadikira. Nkhanga adabzala theka, theka adalibwezera kutsindwi. Mvula siidabwerenso. Obzala adataya mbewu, odikira adadikira mpaka nyengo idatha. Onse adagwirizana kuti Finye sadaphonye, poti sadatchule kanthu, ndipo wolakwa ndi Njiri. Ena adati aponyedwe pamoto. Njati adati lamulo lidanena za wotchula mvula, silidanene za kapitawo. Adangomulamula kuti azigwada popepesa Mvula nthawi iliyonse akamadya. Njiri adagwada, mpaka lero amadya chogwada, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankamuyang'ana Finye ngati ndiwo.

Finye adapulumuka, koma dowe sadamulawe. Kudalibe munda umene udabereka.

Chaka chotsatira kudabwera kutentha kumene ngakhale nkhalamba zidati sizidakuonepo. Madzi a m'mtsuko ankakhala ngati owiritsa. Mbalame zinkagwa zokha zili kukamwa yasa. Ana ena a Nkhanga adafa ali pansi pa mapiko a mayi wawo. Mtsinje udauma mpaka mchenga. Njati ataona kuti dothi lonyowa latsala m'khwawa mokha, adasamutsira ng'anjo zake m'menemo. Adati mtsinje udafa, ndipo malo a wakufa amagawidwa. Nyama zing'onozing'ono zidamutsatira, zidakumba zitsime mumchenga, zidalima madimba, kenako zidamanga ndi timakumbi tawo m'khwawa momwemo kuti zisamayende mtunda padzuwa.

Njati adaitanitsa Finye. Adati zopepesa zakwana, mawondo a kapitawo wake achita zipsera, tsopano apite kwa msuweni wakeyo akatenge dzina latsopano kuti anthu aziitana moyenera. Finye adati ulendo wake ndi wautali ndipo kwa apongozi a munthu sapita chimanjamanja. Nyama zidasonkha kamba, aliyense kachepa kamene adali nako. Zidamuperekeza ndi nyimbo ija, iye akufunsa msuweni ngati akudzagona kapena akungodutsa, izo zikuvomera za makasu ndi mimba, koma mawu adali ofooka chifukwa kukhosi kudali gwa.

Atangokhota pamene maso sankafika, Finye adabwerera chokwawa, adalowa kuseri kwa khumbi la Nkhanga, pamene pankakhala mtsuko wa madzi. Pansi pa mtsuko dothi limazizira. Adakumba chobwerera m'mbuyo monga amachitira, adakokera kamba yense m'dzenjemo, nagona.

Adakhala m'menemo mpaka kamba adatha. Ndipo poti wanjala amaganiza bwino kuposa wokhuta, adayamba kuwerengera za moyo wake. Bodza la dzina lidamugulira chaka chimodzi. Lina likhoza kumugulira chinanso. Koma mapeto ake adali omwewo, ng'anjo. Adaona kuti mdani wake si mvula, si Njiri, koma moto umene akamuponyemo. Moto utapanda kukhalapo, lamulo likhala lopanda mano.

Adatuluka, adadzipaka fumbi kuti aoneke wochokera kutali, nakwawira pakhonde. Adati wamupeza msuweni wake ali bwino, akupereka moni. Koma dzina wakana kulinena, chifukwa mwambo sudathe. Namwali wamkulu ngati ameneyo salowa m'mudzi moto wakale ukuyaka. Moto wonse wa m'dziko uzime, pasatsale ndi khala limodzi, iye abwere, ndipo akadutsa ndiye apekese moto watsopano.

Nyama zidayang'ana Njati. Finye adayang'ana pansi.

Njati adabzikula, nati mawuwo ndi omveka, mwambo ndi mwambo. Adalamula Njiri kuti ayende khumbi ndi khumbi kuzimitsa moto. Njiri adagwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Adathira mchenga pamafuwa onse, adazimitsa ndi zikuni zimene nkhalamba zidabisa m'miphika. Pofika madzulo m'dziko monse mudalibe pophikira. Koma ng'anjo zinkafuka monga mwa masiku onse.

M'mawa nyama zidabwera pakhonde, palibe wofuna kuyamba. Adayamba ndi Nkhanga, poti wotaya ana saopanso zambiri.

"Pepani bwana, mwina ndi maso angawa. Kodi ku ng'anjo kuja a kapitawo sadafikeko?"

"Akazimitse chiyani?"

"Moto, bwana."

"Mayi, ng'anjo si moto," adatero Njati mofatsa, ngati akuphunzitsa mwana. "Moto ndi umene mumaphikira, umene mumaotha, umene ana anu amapsa nawo. Ng'anjo ndi chitukuko."

Njiri adaomba m'manja. Ena adatsatira. Nkhanga adabwerera kwake kukanyika ufa m'madzi ozizira kuti ana amwe.

Finye adaona kuti msampha wake wagwira mbewa n'kusiya njovu. Tsiku lina adakwawira kumene Nang'omba ankakhala yekha, kutali ndi anzake. Adamupatsa moni wa ulemu, namufunsa ngati zija adanena pakhonde zidali zoona kapena zidali zodzipulumutsira, poti iye mwini amadziwa mmene munthu amayankhulira moto ukayandikira. Nang'omba adamuyang'ana ndi diso limodzi. Kuyankhula kunkamupweteka, ndiye adanena pang'ono.

"Thambo lamwa zaka ziwiri. Lidzabweza."

"Liti, agogo?"

"Ndikadadziwa, khosi likadakhala langa."

Finye adali wabodza, koma sadali wopusa. Adamukhulupirira Nang'omba kuyambira tsiku la mlandu lija, kungoti adaonanso malipiro a wonena zoona. Adabwerera akudziwa chinthu chimodzi, kuti madzi akubwera ambiri, ndipo ntchito yake ndi kukhala moyo mpaka tsikulo.

Masiku adapita. Nyama zidadya zosaphika mpaka m'mimba mudayamba kupota. Mvula osabwera. Njiri ankayenda m'makumbi kunena kuti kachule kaja kadawanamiza, kadadya kamba wawo, kadawazimitsira moto, ndipo mawondo ake adapita pachabe. Apa sankanama. Nyama zidakwiya, ndipo poti Njati sizikadamukwiyira, mkwiyo wonse udagwera Finye. Njati adati ng'anjo yaikulu yatsopano imene adamanga pakati pa khwawa ikafika pofiira, mvula isanagwe, Finye alowamo.

Ng'anjo idafiira, mvula siidagwe. Njiri adamunyamula Finye pakamwa, osati mosamala, nakamutula pa njerwa patsogolo pa ng'anjo. Nyama zonse zidasonkhana m'khwawa. Njati adatsika pachitunda kudzaweruza.

Finye adapempha kufunsa funso limodzi. Adafunsa kuti lamulo lija lidati wophonya adzaponyedwa pati. Nyama zidayankha kuti pamoto.

"Ndiye ndithandizeni, bwana, mutu wangawu ndi waung'ono. Ngati ichi ndi moto, ndiye kuti moto sudazime m'dziko, msuweni wanga wakanizidwa ndi mwini ng'anjo, ine sindidaphonye. Ngati si moto, monga mudanenera pakhonde tonse tikumva, ndiye mundiponya pati? Moto wonse a kapitawo adazimitsa."

Nyama zina zidayamba kung'ung'udza kuti kachuleka kanena zomveka. Nkhanga adayang'ana Njati. Kukadakhala kubwalo lakale, pansi pa mtengo, mlandu ukadathera pomwepo.

Njati adabzikula nthawi yaitali. Kenako adati Finye wanena zoona, ng'anjo si moto, ndipo iye sabweza mawu ake.

"Sitikuponya pamoto. Tikuponya m'chitukuko."

Njiri adaseka mpaka adagwa chagada. Nyama zija zinkang'ung'udza zidasekanso, poti zidaona kumene mlandu wapendekera.

Apa Finye nzeru zidamuthera. Koma ali chikhalire pa njerwa paja, adamva msana wake ukunyowa. Thukuta loyera lija limatuluka pakhungu la finye lidayamba kutuluka lokha, popanda womukhudza. Mafupa ake adalemera. Pamwamba pawo thambo lidali loyera, koma kumtunda, kumene mtsinje unkachokera usanafe, kudali kutada bii, ndipo palibe ankayang'anako chifukwa maso onse adali pa ng'anjo. Finye sankadziwa mayina a mvula, koma thupi lake linkadziwa madzi.

Adaweramitsa mutu, nati wagonja. Adati pali chinthu chimodzi chimene adabisa, ndipo sakufuna kufa nacho. Dzina lija msuweni wake adamuuza. Adalibisa chifukwa limatchulidwa kamodzi kokha, m'khutu la wamkulu wa dziko, nyimbo yoitanira ikatha. Wolimva ndiye adzakhale mwini mvula, akaiitana izibwera, akaikaniza izileka.

Njiri adati ndi bodza linanso, aponyedwe basi. Koma Njati adaganiza za kukhala mwini njerwa ndi mwini mvula pamodzi. Adati ng'anjo siithawa, ayimbe.

Finye adayimba. Adafunsa msuweni wake ngati akubwera kudzagona kapena akungodutsa, nyama zidavomera za makasu ndi mimba. Pamene nyimbo inkathera masiku onse, iye adaipitiriza. Adayamba kumuuza msuweniyo mayina a onse amene akumudikira, nyama iliyonse ndi mfunda wake, ndi amayi ake, ndi kumene makolo ake adachokera. Aliyense ankadikira kuti amve dzina lake, ndiye palibe adamudula. Atatha amoyo adayamba akufa. Njiri ankaponda pansi ndi ukali. Kamphepo kozizira kadadutsa m'khwawa, nyama zidati nyimbo yayamba kugwira ntchito, zidavomera mokweza.

Pakati pa mayinawo Finye adalowetsamo mawu ena. Adayimba kuti madzi saiwala khwawa, ndipo amene ali ndi ana akwere kumtunda. Adawabwereza. Nyama zidavomera kuti makasu akonzeka, mimba nazo zakonzeka, poti nyimbo anthu amavomera osamva. Nkhanga yekha adatukula mutu. Adamuyang'ana Finye, Finye adamuyang'ana. Adasonkhanitsa ana ake otsala, nakwera nawo pagombe mwakachetechete, osabwerera kukhumbi kukatenga kanthu.

Kenako kudamveka mkokomo kumtunda, ngati ng'oma zambiri zikulira kutali. Finye adadula nyimbo.

"Yafika nthawi, bwana. Tsitsani khutu."

Njati adagwada, adatsitsa mutu wake waukulu mpaka khutu lidafika pa njerwa. Finye adakwawira pafupi.

"Paubwana adali Chizimalupsa," adanong'ona. "Tsopano ndi Chizimang'anjo."

Atatero adakoka mpweya, nadzitupitsa mpaka adakhala ngati chikho.

Madzi adafika ataimirira, atasenza mitengo, miyala ndi matope. Nthawi yomweyo thambo lidang'ambika pamwamba pawo n'kubweza zonse zimene lidamwa. Ng'anjo yaikulu idalira ngati njoka, idaphulika, idapita. Zinzake zidatsatira. Adapitanso makumbi, madimba, zitsime, mitsuko, ndi theka la mbewu lija Nkhanga adasunga kutsindwi. Nyama zambiri zing'onozing'ono sizidaonekenso. Finye sadziwa kusambira, koma chotupa sichimira. Adayandama ngati chikho chomwecho, madzi adamutenga, adakamutula kutali pamatope, ndipo adakumba chobwerera m'mbuyo n'kulowa pansi.

Njati ndi wolemera ndiponso wamphamvu. Madzi adamugubuduza, adamumwetsa matope, koma adatulukira pagombe ali moyo, Njiri atamugwira mchira. Adakwera pachitunda. Nyumba yake ya njerwa idali chiimire, khonde lili louma.

Mvula idagwa masiku ambiri osaleka, idakokolola ndi nthaka ya m'minda. Itatha, otsala adasonkhana pakhonde, poti kudalibe kwina kopita. Ena ankayembekeza kuti Njati anena za utsi, kapena aitanitsa Nang'omba kuti amupepese. Njati adati tsoka limeneli laphunzitsa dziko phunziro lalikulu. Adawafunsa kuti nyumba imene yatsala ndi yomangidwa ndi chiyani. Nyama zidayankha kuti njerwa. Adati ndiye aliyense aone yekha kuipa kwa makumbi a udzu ndi dothi, ndipo kuyambira tsopano dziko lonse limange ndi njerwa zootcha. Adati iye, mwa chifundo chake, amanga ng'anjo zambiri kuposa zija zidapita, ndipo amene alibe chakudya abwere adzaumbe njerwa ndi kusenza nkhuni, adzalandira kachakudya madzulo.

Nyama zidaomba m'manja. Nkhanga adalembedwa ganyu yosenza nkhuni, iye ndi ana ake. Zoti moto wa m'makumbi uyatsidwenso palibe adazikumbukira kulengeza, aliyense adangoyatsa mwakuba.

Za Finye Njati adati mlandu wake ulipobe, ndipo udindo ukadali wake, poti palibe adamuchotsa ndipo palibe wina akuufuna. Njiri adamufunafuna, mpaka lero amafukula pansi ndi mphuno, chogwada, koma sadamupeze.

Finye adakhala pansi pa nthaka. Adaphunzira kuti mvula ya masiku ano wotchula isanagwe ndi wakufa, ndiye amatuluka ikagwa kale, dothi litanyowa, pamene palibe angamutsutse. Chaka china Nkhanga adakumana naye m'njira, mtolo wa nkhuni uli pamutu, mvula yoyamba itangogwa. Adali atapempha timbewu pang'ono kwa achibale akutali, tokwana m'chikhatho. Adatula mtolo, adayang'ana uku ndi uku ngati kapitawo ali pafupi, nawerama.

"Achimwene, ndi ine. Sindiuza munthu. Imeneyi tibzale?"

Finye adamuyang'ana ndi nkhope yake yokwinya ija. Adayang'ana utsi umene unkakwera kuchokera ku ng'anjo zatsopano.

"Yagwa, mayi," adatero. "Zimene ndikudziwa ndi zomwezo."

Adadzitupitsa, nabwerera m'dothi chambuyo. Nkhanga adaima pomwepo ndi mbewu m'manja, kuyang'ana kumwamba.

Nthano yathera pamenepa. Akale potseka ankatuma ana kuti akaphule mbatata pamoto. Ine sindituma munthu. Mbatata idapita ndi madzi, ndipo moto umene watsala ukuyaka usana ndi usiku eni ake akuti si moto.